Tizikumbu toboola khwanya: mtundu wake ndi abale ake

Alimi anzanga, mvula yoyamba ikagwa nyemba n'kumera, timapeza masamba ali mabowomabowo ngati sefa. Tikagwedeza mbewu, timagwapo tizikumbu tonyezimira, totalika pafupifupi mamilimita 6. Tina n'tofiirira ngati lalanje, tina mapiko ake ndi akuda koma mutu wofiira. Ambiri amati imeneyi ndi mitundu iwiri. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma maonekedwe okha sangatiuze.

Akatswiri amaika tizilombo m'mabanja monga ife tilili ndi mafuko. Banja lalikulu la tizikumbu todya masamba limatchedwa Chrysomelidae, ndipo lili ndi mitundu yoposa 35,000 padziko lonse. M'banjamo muli kagulu kotchedwa Ootheca, ka kuno ku Africa, ndipo ndi kamene kamatiboolera khwanya ndi chitambe. Mitundu iwiri yodziwika kwambiri ndi Ootheca bennigseni, wovutitsa alimi a nyemba kumpoto kwa Malawi ndi ku Tanzania, ndi Ootheca mutabilis, wowononga kwambiri khobwe kumadzulo kwa Africa. Dzina lakuti mutabilis likutanthauza "wosinthasintha", chifukwa tizikumbu ta mtundu umodzi womwewo timaoneka mosiyana. Akatswiri enieniwo amachita kuunika ziwalo za kachikumbu kakamuna ndi makina okuzira zinthu kuti atsimikize mtundu wake. Ndiye inu musataye nthawi kukangana za maonekedwe. Funsani kuti: kakudya mbewu yanji, ndipo ana ake ali kuti?

Funso lachiwirili ndiye lofunika. Ootheca amaikira mazira m'dothi pafupi ndi tsinde la nyemba. Mphutsi zake zimadya mizu ndi timatuza ta m'mizu timene timaonjezera chonde m'nthaka. Mbewu imachita chikasu n'kupinimbira, mlimi n'kumati vuto ndi fetereza. Zikakhwima zimakhala m'dothi momwemo chilimwe chonse kudikira mvula. Choncho mukabzala nyemba pamalo omwewo chaka ndi chaka, mukuweta mdani. Chitani kasinthasintha ndi chimanga, ndipo galauzani munda mukangokolola kuti za m'dothizo zipse ndi dzuwa. Muchite pamodzi ndi oyandikana nawo minda, poti tizikumbu timauluka.

Abale ake ena mumawadziwa kale. Timene timalumpha ngati utitiri pa therere ndi ta banja lomweli. Mesoplatys ochroptera amadya masamba a jerejere, koma iyeyu mphutsi zake zimakhala pamasamba pomwepo, ndiye kusamala kwake n'kosiyana. Ngakhale anankafumbwe oboola nyemba zosunga, masiku ano amawerengedwa m'banja limeneli.

Sabata yamawa gulu lililonse lizule mbewu zisanu za nyemba zachikasu pamodzi ndi dothi lake, tidzawerenge mphutsi. Mubweretsenso tizikumbu m'botolo, ndipo mulembe mbewu imene mwatipezapo.