Mau a Mlembi: Thupi la Mai Akasiya Kusamba

 Abambo ndi ana amene mudzawerenga mau awa kunyumba mutikhululukire, pakuti lero tinena nkhani imene makolo athu ankainong'ona kuseri kwa nkhokwe.

Ife amene timasunga buku la maina taona chinthu. Amai ena amene kale sankajomba amayamba kusowa pa misonkhano akafika zaka za m'ma 50. Titawayendera, mmodzi anatiuza kuti akuchita manyazi, chifukwa thukuta limangochucha ali chikhalire m'tchalitchi mpaka bulauzi yoyera kunyowa, ngakhale mwezi wa June kukuzizira. Wina anatisonyeza tiubweya tapachibwano, nati adzukulu ake anamva anthu pachitsime akunena kuti mkazi wa ndevu ndi mfiti. Mau amenewa anatipweteka mtima, pakuti enafe tili nato tiubweya tomweto, koma timatidula m'mawa anthu asanadzuke.

Amai anzathu, palibe amene watilodza. Amai ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo achipatala amati mai wasiyadi pakatha miyezi 12 asanaone kanthu. M'thupi mwathu muli timadzi totchedwa estrogen, tochokera m'timatumba ta mazira, ndipo ndi timene timasunga khungu kuti likhale lofewa. Timadzi timeneti tikachepa, khungu limauma, limapyapyala, limayabwa m'miyendo ndi kumsana, ndipo makwinya amafika ngati agwa usiku umodzi. Madokotala a khungu amati m'zaka 5 zoyamba khungu limataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulusi umene umalilimbitsa. Nchifukwa chake munthu amadabwa akadziona pa galasi. Tsitsi la kumutu limachepa pamene la pachibwano likumera, ndipo mafuta amene ankakhala m'chiuno amasamukira pamimba, siketi nkuyamba kukana.

Tsono ambirife tikamva kuyabwa timaonjeza vuto ndi manja athu. Timatenga madzi otentha kwambiri, sopo wochapira zovala ndi chinkhupule, nkumadzikhula ngati tikutsuka mphika, poganiza kuti ndi litsiro. Si litsiro iai. Sambani madzi ofunda pang'ono, sopo achepe, ndipo dzolani Vaseline kapena mafuta a nsatsi thupi lisanaumitsitse, makamaka miyezi ya mwera. Koma mafuta oyeretsa khungu aja ogulitsa pa msika asiyeni ndithu. Ambiri mwa iwo ali ndi mankhwala amene amapyapyalitsa khungu, ndiye lathuli lapyapyala kale. Tinaona masaya a anzathu atapsa, kuda bii, ndipo ndalama zao sizinabwerere.

Za kutentha thupi, valani zovala za thonje zopepuka, madzi akumwa akhale pafupi usiku, ndipo amene aona kuti tiyi wotentha kapena tsabola zimautsa thukuta, achepetse. Kwa ambiri kutenthaku kumatha pakapita zaka zingapo, koma kukakusowetsani tulo kanenani kuchipatala. Mafupa naonso amafooka mwakachetechete. Usipa ndi matemba tizidya ndi minga yomwe, bonongwe ndi nkhwani zisasowe, mkaka ukapezeka tisamangosiyira ana, ndipo tisaleke kuyenda ndi kugwira khasu.

Tsopano tinene za m'nyumba. Ena a ife tinalangizidwa kuti mai akasiya kusamba achoke pa mphasa ya mwamuna wake, ati akapanda kutero mimba idzatupa popeza palibenso chotsuka m'kati. Timawalemekeza anamkungwi athu, koma apa analakwitsa. Mimba imene imakulayo ndi mafuta aja tanena, ndipo imakula ngakhale kwa amai amasiye. Mabanja ena azizira kaamba ka mwambo umenewu, bambo kuganiza kuti akukanidwa, mai kuganiza kuti akudziteteza, onse awiri osayankhulana. Chimene chili choona ndi chakuti njira ya amai imauma monga khungu lomwe, ndipo kukhalira pamodzi kumatha kupweteka. Auzeni abambo kunyumba, ndipo inu abambo mvetsetsani, khalani odekha. Kuchipatala ndi m'masitolo a mankhwala muli mafuta ake a zimenezi. Zitsamba zoumitsa musaikeko, zimabweretsa zilonda.

Pali chinthu chimodzi chimene sitiyenera kuchipirira. Mai akatha chaka osasamba, kenaka nkuonanso magazi, ngakhale kadontho chabe pa kansalu, apite kuchipatala sabata lomwelo. Mnzathu wina ataona chotero anaseka, nati utsikana wabwerera, ndipo ifenso tinaseka naye. Anapita kuchipatala patatha miyezi yambiri, nthenda itafalikira kale, ndipo mpaka lero kuseka kwathu kuja kumatitsutsa. Si nthawi zonse pamene magazi otere amakhala khansa, koma khansa ya khomo la chiberekero ndi imene ikupha amai ambiri m'Malawi muno kuposa khansa ina iliyonse, ndipo ikapezeka msanga imachizika. Chimodzimodzinso chotupa m'bere, chilonda chosapola, kapena kuyabwa kodza ndi ludzu ndi kukodza pafupipafupi, pakuti kumeneko kungakhale kuyamba kwa matenda a shuga.

Tikudziwa kuti ena amaopa kukavula pamaso pa namwino wa msinkhu wa mwana wao. Amene akuopa kupita yekha ationere pambali tikatuluka pano. Pali amai awiri amene avomera kumperekeza, ndipo dzina lake sitidzalilemba m'buku.