Nyali, Injini ndi Kapenta wa pa Kariba

Inu amene mumagula kapenta pa msika wa Soweto mu Lusaka kapena ku Chipata, kodi munadzifunsapo za m'mene nsomba zimenezi zimagwidwira? Lero tikambirana za zipangizo zophera kapenta pa nyanja ya Kariba, ndiponso za cimene zadzetsa kwa msodzi wamba.

Kale mu Zambezi munalibe kapenta. Khoma la Kariba litamangidwa, akatswiri anakatenga kapenta ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968, namuika m'nyanja yatsopanoyi. Anaswana kwambiri, koma malo ake ndi pa madzi akuya, pamene msodzi wa bwato losema sangathe kumugwira.

Motero panabwera marigi. Rigi ndi thandala loyandama pa migolo iwiri yaitali yacitsulo, lokhala ndi injini, ukonde wozungulira ndi nyali za magetsi. Usiku asodzi amatsitsira ukonde ndi nyali m'madzi. Kapenta akasonkhana pa kuwalako, amakweza ukonde uja. Ndico cifukwa cake nchito imaima mwezi ukakhala wathunthu, pakuti nsomba sizithamangiranso nyali.

Ubwino wake tonse tauona. Ku Siavonga ndi ku Sinazongwe anthu apeza nchito ya kusodza, kuyanika ndi kugulitsa, ndipo mabanja a kutali ndi nyanja apeza ndiwo zosaola msanga.

Koma tamverani mbali inayo. Coyamba, rigi ifuna ndalama zambiri: injini, mafuta ndi laisensi. Amene alibe cuma angokhala wanchito pa rigi ya mnzake, ngakhale anabadwira m'cigwa comweco ca Gwembe. Caciwiri, marigi acuruka. M'caka ca 1999 maiko a Zambia ndi Zimbabwe anapangana za kasamalidwe ka usodzi wa pa Kariba, ndipo muyeso unali marigi 500 pa nyanja yonse. Ciwerengeroco cinapitiriridwa kutali. Tsono rigi iriyonse imatentha mafuta usiku wonse nibwera ndi nsomba zocepa, ndipo ena amalowera ku madzi osaya kumene kapenta amaswanira. Akuluakulu anati, ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Injini imafulumiza dzanja la msodzi, koma siifulumiza kuswana kwa nsomba. Cotero inu asodzi, lembetsani marigi anu ku Dipatimenti ya za Nsomba, ndipo talikirani malo oswanira. Inu a mabwato ang'ono, gwirizanani m'makopaletivu kuti cipangizo cimene munthu mmodzi sangagule mucigule pamodzi.

Tsalani bwino.