Mau Olankhulidwa kwa Mamembala pa Nkhani ya Maso a Ana Aang'ono



M'masukulu a ku Embangweni, ku Jenda, ku Mabulabo ndi pa Boma pomwe muli ana amene achedwa mbuli ndi aulesi, pamene cholakwa chili m'diso. Nthendayo madokotala aicha astigmatism. Diso silifiira, silituluka manthongo, ndipo mwana sadandaula, pakuti ayesa kuti anthu onse apenya chomwecho.

Kutsogolo kwa diso kuli kagalasi koonekera, kamene kayenera kukhala kobulungira mofanana mbali zonse monga chipanda. Pamenepo kuunika kolowa m'diso kusonkhana pa malo amodzi kumbuyo kwake, ndipo chinthu chioneka bwino. Koma kagalasiko kakapindika koposa mbali imodzi, monga dzira, kuunika kugwa pa malo awiri. Diso liyesetsa kulunjika. Likagwira mizere yoimirira, yopingasa ichita chimbuuzi. Chifukwa chake kumsendeza mwana pafupi ndi bolodi kuthandiza pang'ono pokha, pakuti zapafupi ndi zakutali zomwe sizioneka bwino. Iye atsinzinira, apendeketsa mutu, asokoneza malembo ofanana, ndipo madzulo mutu umpweteka.

Makanda ambiri abadwa ndi kupindikako, ndipo mwa ochuluka kuchepa kokha asanayambe sukulu. Choopsya chili pa iwo amene sikuchepa. Ubongo uphunzira kupenya pa ubwana. Ukazolowera chimbuuzi kufikira zaka 7 kapena 8, mandala obwera mochedwa sakhoza kubweza kupenya konse.

Mankhwala ake ndiwo mandala osulidwa mopindika mbali imodzi. Thomas Young anafotokoza chilemachi m'diso lake lomwe m'chaka cha 1801, ndipo George Airy anapangitsa mandala otere mu 1825. Mandala ogula pa msika, kapena obwereka kwa agogo, alibe nchito pamenepa. Diso liyamba layesedwa. Kuthira zitsamba, shuga kapena mkaka wa m'mawere m'diso sikuwongola kagalasi, ndipo kwaononga maso amene akadachira.

Makolo ndi aphunzitsi atengere mwana wotere ku chipatala cha Boma ku Mzimba kapena cha Mishoni ku Embangweni. Zovuta zitumizidwa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, mzinda umene yunivesite yake inayamba kuphunzitsa oyesa maso mu 2008. Ndalama za ulendowo ndi za mandala ndizo zilepheretsa mabanja ambiri, ndipo Komiti ya Bungwe ipemphedwa kuganizirapo pa msonkhano wake ukudzawu.