Kulongedza Katundu Poyenda Nokha Ulendo wa ku Dar es Salaam

Amayi anzanga, m'sewero lomwe tamvera lija munali mayi wa geni amene anakwera basi yekha pa Jenda kupita ku Dar es Salaam kukapikula nsalu. Mankhwala ake anawaika m'chikwama chachikulu chimene anyamata anachiponya kunsi kwa basi. Atayamba kudwala panjira anasowa pogwira. Ena mwa inu kuno ku Champhira mumayenda ulendo womwewu, choncho tiyeni tikambirane za kalongedzedwe ka katundu.

Kwathu kuno n'kozizira. Mukatsika mapiri a Chiweta kulowera ku Karonga mudzamva kutentha kwa kunyanja. Mukadutsa chipata cha Songwe mudzakwera mapiri a Mbeya komwe usiku kumazizira, kenaka n'kutsikira ku Dar es Salaam komwe thukuta siliuma. Thupi limavutika ndi kusintha kotereku.

Khalani ndi zikwama ziwiri. Chachikulu chipite kunsi kwa basi. Chaching'ono chikhale pamiyendo panu, ndipo musasiyane nacho ngakhale popita ku chimbudzi.

M'chikwama chaching'ono muikemo izi:

1. Mankhwala anu. Ngati mumamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, uzani a chipatala za ulendo wanu kuti akupatseni okwanira, kuphatikizapo masiku ena apadera chifukwa basi imachedwa. Kudumphitsa ma ARV kumapatsa mpata kachilombo kuti kachulukane. Musawasiye padzuwa.

2. Buku lanu la chipatala. Onani tsiku la jakisoni wolera kapena la sikelo musananyamuke.

3. Madzi akumwa. Amayi ambiri samwa madzi m'basi poopa kufuna chimbudzi. Zimenezi n'zoopsa kumalo otentha. Mkodzo ukayamba kuoneka wachikasu kwambiri, mutu n'kumapweteka, dziwani kuti madzi achepa m'thupi. Imwani madzi owiritsa, othira WaterGuard kapena a m'botolo lomata.

4. Mapaketi a Thanzi ORS. Mukatsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, muzimwa pang'onopang'ono. Akagona tsiku lathunthu, tayani mukonze ena. Tisaiwale kolera amene anapha anthu ambiri m'dziko muno mu 2022 ndi 2023.

5. Sopo, juzi imodzi, ndi nsalu kapena mapadi a kumwezi.

Ndalama ndi pasipoti muzimange m'kathumba ka m'chiuno, mkati mwa chitenje.

M'chikwama chachikulu muikemo neti yonyikidwa m'mankhwala, chifukwa malo ena ogona alendo alibe. Mayi woyembekezera ayambe waonana ndi a namwino, popeza malungo amaopsa iye ndi mwana yemwe.

Tsopano za zovala. Ku Dar es Salaam, makamaka ku msika wa Kariakoo, kuli Asilamu ambiri, ndipo amayi amavala modzilemekeza. Ku Zanzibar mwambowu ndi wolimba koposa. Sankhani zovala za thonje, zomasuka, zophimba mapewa ndi maondo. Zovala za nayiloni zothina zimasunga thukuta, n'kuyambitsa zidzolo ndi kuyabwa kumalo obisika. Tengani zitenje ziwiri: chimodzi chovala, china chofunda kumutu padzuwa kapena choyala pogona. Valani nsapato zomwe munazizolowera kale, chifukwa miyendo imatupa mukakhala nthawi yaitali m'basi. Basi ikaima, tsikani muongole miyendo.

Musanachoke, uzani wachibale dzina la basi ndi komwe mukagone. Panjira musalandire chakudya kapena chakumwa kwa munthu wosamudziwa.

Mukabwerako, thupi likatentha musachedwe. Pitani ku chipatala mukayezetse malungo, ndipo muwauze komwe munali. Ana anu akudikira mayi wathanzi, osati nsalu zokha.

Funso lokambirana: mayi wa m'sewero uja akanalongedza bwanji katundu wake?