Kutentha Thupi Konse Si Malungo

(Mau a zaumoyo kwa anthu a kwa Chiwalo, m'boma la Phalombe)

Nthawi zina mwana amayezedwa magazi, malungo osapezeka, koma thupi lili moto, akupuma mofulumira, ali lefu, ndipo sakodza. Zoterezi zikhoza kukhala matenda amene madotolo amawatcha sepsis. Amayamba pamene tizilombo ta pachilonda, m'mapapo, m'matumbo kapena m'chiberekero cha mayi amene wangochira tafalikira, ndipo thupi polimbana nato liwononga ziwalo zake zomwe. M'chaka cha 2017 anthu pafupifupi 11 miliyoni anafa nawo pa dziko lonse.

Kuti dotolo achize bwino, ayenera kudziwa kachilombo kake ndi mankhwala amene angakaphe. N'chifukwa chake ku Gulupu ku Blantyre, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza magazi a odwala kuyambira 1998. Magazi amathiridwa m'botolo nasungidwa pofunda kuti tizilombo tichuluke, kenaka timayesedwa ndi mankhwala osiyanasiyana.

Mabotolowa aonetsa kuti tizilombo tambiri tasiya kumva mankhwala akale monga Bactrim, ndipo tina tikukana ngakhale jakisoni wa ceftriaxone. Anaonetsanso kuti kuyambira 2011 taifodi anachuluka mu Blantyre. Tsono mu 2018 katemera wa taifodi anayesedwa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ndipo atapezeka kuti amateteza, Boma linayamba kumupereka m'dziko lonse mu 2023.

Koma ntchito ikadalipo. Botolo limatenga masiku awiri kapena kuposa kuti liyankhe, pamene wodwala akhoza kutsirizika usiku umodzi. Chofunika ndi kachipangizo koyankha pompopompo, konga koyezera malungo, koti kafike ndi ku zipatala zazing'ono za kumudzi. Afunikanso mankhwala atsopano.

Anthu a m'midzi nawo ali ndi gawo lawo. Makapusozi ogula pamsika, omwa awiri n'kusiya, ndiwo amazoloweretsa tizilombo mankhwala. Munthu amwe okhawo amene walandira kuchipatala, ndipo awamalize. Chilonda chitsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo. Pamchombo wa khanda pasapakidwe phulusa kapena dothi. Aphunzitsi akumbutse makolo za katemera. Ndipo wodwala akayamba kupuma mofulumira kapena kubwebweta, abale asayembekeze kuti kuche: amunyamule nthawi yomweyo kunka naye kuchipatala.