Ntchito Ndi Mbiri Ya Bwanamkubwa Lateef Jakande

Nkhani ya lero ndi ya Bambo Lateef Jakande, amene anali bwanamkubwa wa chigawo cha Lagos m'dziko la Nigeria kuyambira m'chaka cha 1979 kufikira 1983.

Bambo Jakande anabadwa m'chaka cha 1929. Asanalowe ndale anali mkonzi wa nyuzipepala ya Nigerian Tribune, ndipo anapambana chisankho m'dzina la chipani cha Unity Party of Nigeria chimene ankatsogolera Bambo Obafemi Awolowo.

Polowa mu ofesi anapeza ana akuphunzira mosinthana, ena m'mawa, ena masana, chifukwa cha kuchepa kwa zipinda. Iwo anathetsa mchitidwewu pomanga msanga zipinda zambiri zotsika mtengo, nalamula kuti maphunziro akhale aulere. Ena ananyoza zipindazo kuti zikunga makola, komabe mwana wa mmphawi analowamo naphunzira. Anamangitsanso nyumba za anthu opeza pang'ono ku Isolo, Abesan ndi Amuwo-Odofin, ndipo mu 1983 anakhazikitsa Lagos State University. Nthawi yonseyi ankakhala m'nyumba yawoyawo ku Ilupeju, nayenda pa galimoto yawoyawo.

Pa 31 December 1983 asilikali analanda boma ndipo Bambo Jakande anatsekeredwa. Mu 1985 boma la asilikalilo linaimitsa ntchito ya njanji ya mumzinda imene iwo anaiyamba, kotero kuti anthu a ku Lagos anadikira mpaka 2023 kuti akwere sitima yotere.

Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Mu 1993 Bambo Jakande anavomera kukhala Nduna ya za Ntchito ndi Nyumba m'boma lankhanza la General Sani Abacha, ndipo anakhalabe pampandowo ngakhale pamene Bambo Moshood Abiola, amene anapambana chisankho cha chakacho, anaponyedwa m'ndende mu 1994. Anzawo ambiri anawafulatira, ndipo pa ndale sanadzukenso kufikira imfa yawo mu 2021.

Tsono inu nonse amene mwasenza udindo, dziwani kuti anthu amasunga zonse ziwiri: sukulu imene mtsogoleri anamanga, ndi khomo limene analowa pamene anzake anali m'maunyolo. Gwirani ntchito yooneka ndi maso, koma musagule mpando ndi mbiri yanu.