Msonkhemsonkhe wa zipangizo za pachipatala chathu

Ine ndine mwana wanu, ativista wa zaumoyo, mmodzi wa aja timayenda m'makomo mwanu kufunsa za maneti a udzudzu ndi makadi a sikelo. Mwana salangiza akulu, koma lero ndatumidwa, ndiye mundilole ndiyankhule.

Amene andituma ndi a komiti ya co-gestão. Kwa amene simukuidziwa, iyi ndi komiti imene imakhala pachipatala cha boma, ndipo mumakhala ogwira ntchito pachipatalapo pamodzi ndi anthu osankhidwa kuchokera m'midzi. Komiti yathu inakhala pansi ndi anamwino n'kuwafunsa kuti, kodi ndi chiyani chimene chikasowa manja anu amafupika? Anamwinowo sanatchule galimoto kapena nyumba yatsopano. Anatchula tinthu ting'onoting'ono, toti munthu mmodzi akhoza kunyamula tonse panjinga.

Choyamba ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi, aja timati a tensau. Pano ndichedwapo pang'ono, chifukwa ambiri timaganiza kuti tensau ndi matenda a anthu onenepa a m'tauni. Ayi. Mayi woyembekezera, ngakhale wowonda, ngakhale wolima tsiku lonse, magazi ake akhoza kukwera mimba ikapitirira miyezi isanu. Makina akaonetsa 140 pamwamba kapena 90 pansi, anamwino amadziwa kuti pali ngozi. Vuto lake ndi lakuti mayiyo nthawi zambiri samva kalikonse poyamba. Akamadzayamba kumva mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, ndiye kuti matenda apita kale patali, ndipo chotsatira chikhoza kukhala kukomoka ndi kuphupha ngati wakhunyu. Pamenepo m'mudzi timayamba kulozana zala, ena amati wamangidwa, ena amati mwamuna wake anayenda kumbali. Chonsecho makina aang'ono aja akanatha kuona vutolo milungu ingapo m'mbuyo, mayi akadali kuseka ndi anzake pamzere wa sikelo. Tsono taganizani makina amodzi okha akuzungulira pakati pa chipinda cha amayi oyembekezera, chipinda chochilira ndi cha odwala ena onse. Tsiku limene lamba wake wang'ambika kapena mabatire atha, amayi onse a tsiku limenelo amabwerera osayezedwa.

Chachiwiri ndi kuwala. Mwana sasankha kubadwa masana. Magetsi akazima, kapena batire la sola likafooka m'nyengo ya mitambo, namwino sangasoke bala kapena kuona kumene magazi akuchokera ndi tochi ya pafoni. Pakufunika nyale za sola zolimba, ndi batire labwino.

Chachitatu ndi sikelo ya makanda. Mwana wobadwa wosakwana makilo awiri ndi theka amafuna chisamaliro chapadera, kumuika pachifuwa cha mayi ake khungu ndi khungu, kumuyamwitsa pafupipafupi, nthawi zina kumutumiza kuchipatala chachikulu. Ndi maso okha simungasiyanitse mwana wa makilo 2,3 ndi wa makilo 2,7. Palinso kachipangizo kopopera mpweya m'mapapo a mwana amene wabadwa osalira. Ndi kathumba kofinya ndi dzanja, sikafuna magetsi, koma kayenera kukhala pafupi ndiponso koyera, chifukwa mwana wotereyu ayenera kuthandizidwa mkati mwa mphindi yoyamba. Kenaka pali mateyala ndi machubu a njinga ya ambulansi, ndi mphasa, mapoto ndi zidebe za kunyumba yodikirira amayi oyembekezera, ija timati casa de espera.

Ndikudziwa funso limene lili pakamwa panu, chifukwa ndimalimva tsiku lililonse m'makomo. Mukuti, kodi imeneyi si ntchito ya boma? Inde, ndi ntchito ya boma. Sindibwera pano kudzalichotsera boma katundu wake. Malipiro a anamwino, mankhwala, katemera, firiji yosungira katemerayo, ambulansi ndi mafuta ake, zonsezi n'za boma, ndipo thumba lathu lisakhudzeko ngakhale metikali imodzi. Komiti ipitiriza kulemba makalata ku ofesi ya zaumoyo ya distrito ndi kukumbutsa pamisonkhano. Koma pempho likapita limakapeza mapempho a zipatala zina ali pamzere, ndipo mimba sidikira kalata. Kuno ku Angónia, mayi amene akufunika opaleshoni amatumizidwa ku Ulónguè, ndipo zikavuta kwambiri ulendo wake ndi wa ku Tete, mtunda wopitirira makilomita 200. Amene mumayenda misewu yathu ya fumbi mu Januwale ndi Febuluwale mukudziwa mmene imakhalira. Mayi amene vuto lake laoneka msanga amanyamuka masana, akuyenda yekha. Amene laoneka mochedwa amanyamulidwa usiku pamachira. Ine pa ziwirizi ndasankha kusonkha, uku pakamwa pakupitiriza kufunsa boma.

Tsono tisonkha bwanji? Ganizo la komiti ndi lakuti khomo lililonse lipereke mametikali 20, kapena mbale yodzadza ya chimanga, nyemba kapena soya. Tawerengani nane. Mudzi wa makomo 150 ukapereka mametikali 20 pakhomo, zikwana 3000. Midzi khumi yotere ndi 30 000. Palibe amene wagulitsa mbuzi, palibe amene wagona ndi njala. Amene Mulungu anakudalitsani chaka chino, a mathirakitala, a zigayo, a magolosale, ogula mbatatesi ndi fodya, musabisale kumbuyo kwa mametikali 20. Inu mukudziwa msinkhu wanu. Agogo okhala okha, ana amasiye ndi odwala asavutitsidwe. Amene alibe ndalama kapena mbewu koma ali ndi mphamvu akhoza kupereka tsiku limodzi la ntchito, kuumba njerwa, kufolera denga la khitchini ya amayi odikira, kapena kukonza njinga ya ambulansi ngati ndi mmisiri.

Nthawi yake ndi ino yokolola, nkhokwe zikadali zodzadza. Tikadikira mpaka Disembala tidzakhala tikupempha anthu amene nawonso akupempha. Koma pa mbewu tisamale. Mbatatesi tisalandire zambiri, zimaola msanga, pokhapokha wogula alipo kale tsiku lomwelo. Chimanga chikhale chouma bwino, chopetedwa, chisungidwe m'matumba abwino pamalo okwera kuopa anankafumbwe ndi makoswe. Tonse tikudziwa kuti pokolola mtengo umakhala pansi, ndipo umakwera mvula ikayandikira. Ena pakomiti akuti tisunge chonse tidzagulitse mtengo utakwera. Ine maganizo anga ndi akuti tigulitse gawo lina tsopano, tigule makina a tensau ndi nyale, chifukwa zimenezi sizingadikire miyezi isanu ndi umodzi. Chotsalacho ndiye chidikire mtengo. Koma mudzagamula ndinu pamsonkhano. Ndipo pogulitsa, chiyezedwe pagulu, anthu akuona sikelo.

Magulu a amayi osunga ndalama, inu muli kale ndi thumba la zadzidzidzi ndipo kuwerengera ndalama pagulu mumakudziwa kuposa ife tonse. Tikufuna amayi a m'magulu amenewa akhale pakati pa osunga thumba lino. Achinyamata anzanga, mpira umene timasewera Lamlungu ukhoza kukhala wolipira pakhomo tsiku limodzi. Mipingo ndi mizikiti ikhoza kupatula chopereka cha sabata imodzi. Abale athu amene ali ku Moatize, ku Tete, ku Beira, ngakhale ku Johannesburg, auzeni. Amayi awo ndi alongo awo amachilira pompano. Akhoza kutumiza pa M-Pesa kapena e-Mola. Ndipo popeza kuno kumalire makwacha ndi mametikali zimayendera limodzi m'thumba, wopereka makwacha alembedwe makwacha omwewo, ndipo posintha pakhale anthu awiri, chifukwa pakusintha ndalama m'pamene tindalama timakonda kusowa.

Ndafika tsopano pamene pali chilonda. Ambiri mwa inu munasonkhapo kale za mjigo, za mlatho, za sukulu, ndipo mpaka lero simudziwa kumene ndalamazo zinapita. Ndiye mukamakana sindikuweruzani. Koma mverani mmene komiti yakonzera, ndipo mukaona pena pakudontha mudzanene. Wolandira ndalama akhale wina, wolemba m'kaundula wina, wosunga wina, ndipo atatuwa asakhale a banja limodzi kapena a mpingo umodzi. Aliyense wopereka, ngakhale mbale imodzi ya nyemba, alembedwe dzina ndipo alandire resibo. Wokutengerani ndalama popanda kukupatsani resibo musamupatse, ngakhale atavala malaya a ativista ngati anga. Ndalama zisagone m'nyumba ya munthu mmodzi. Zikhale m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu, mpaka zitapita ku akaunti imene munthu mmodzi sangatapeko yekha. Nambala ya foni yolandirira ndalama za abale akutali ilengezedwe ndi komiti pamsonkhano, ndipo mauthenga ake aziwerengedwa pamaso pa onse. Mwezi uliwonse zolowa ndi zotuluka zimatidwe pakhoma la chipatala, ziwerengedwe pabwalo la amfumu, ndiponso pa wailesi ino. Mfumu ndi namwino asasunge ndalama. Si kuti tikuwakayikira, koma pakabuka mlandu tikufuna amfumu akhale oweruza, osati oweruzidwa, ndipo namwino asadetsedwe dzina pa ndalama zimene si ntchito yake.

Chinthu china ndikufuna chimveke bwino, ndipo amene mwagona dzukani mumve. Msonkhemsonkhe uwu si mtengo wa chithandizo. Sikelo ya amayi oyembekezera ndi yaulere. Kuchilira pachipatala cha boma ndi kwaulere. Katemera wa ana ndi waulere, ma ARV ndi mankhwala a TB ndi aulere. Palibe amene adzafunsidwe resibo ya msonkhemsonkhe pakhomo la chipatala. Amene sanasonkhe adzayezedwa ndi makina omwewo, pa mzere womwewo, ndi ulemu womwewo. Ngakhale mlendo wodutsa, kapena mbale wathu wochokera tsidya la Dedza amene matenda amupezera kuno. Wina akadzakuuzani kuti simulandira chithandizo chifukwa simunasonkhe, kapena kuti mulipire kuti muyezedwe ndi makina atsopano, chimenecho ndi chiphuphu. Kanenani kwa a komiti kapena kwa mkulu wa chipatala, kapena ponyani kalata m'bokosi la madandaulo. Ndikunena izi chifukwa ndikuopa mayi wosauka amene angachite manyazi, n'kuchilira kunyumba poganiza kuti alibe gawo pachipatala. Tikatero ndiye kuti thumba lathu lapha munthu m'malo momupulumutsa.

Pogula napo pali nzeru yake. Tisatume munthu kumsika kuti akagule makina alionse amene awapeze otchipa. Makina a tensau onama ndi oopsa kuposa kusowa makina, chifukwa amauza namwino kuti zonse zili bwino pamene sizili bwino. Anamwino alembe mtundu weniweni umene akufuna, a ofesi ya zaumoyo ya distrito auone ndi kuvomereza, kenaka tifunse mitengo m'masitolo atatu tisanatulutse ndalama. Katundu akafika aonetsedwe kwa anthu, alembedwe m'kaundula wa katundu wa chipatala, ndipo alembedwe chizindikiro chosafufutika kuti asasochere n'kukapezeka kwina. Mankhwala tisagule. Mankhwala a pamsika sitidziwa kumene achokera, ndipo chipatala sichingawalandire. Komanso tisathere ndalama zonse pogula. Gawo lina litsale la mabatire, machubu ndi kukonzetsa, chifukwa njinga ya ambulansi yopanda chubu imangosanduka pogona nkhuku.

Abambo, mawu awiri kwa inu. Pamisonkhano ya zaumoyo timaona amayi okhaokha, inu mumati za sikelo n'za akazi. Koma usiku zinthu zikavuta, amene amathamanga kukagogoda kwa mwini njinga yamoto ndinu, ndipo ndalama imene mumalipira usiku umodzi umenewo imaposa kutali mametikali 20. Bwerani mudzamve nokha, mudzafunse mafunso ovuta. Komiti imene safunsidwa mafunso imagona.

Sabata ino anyakwawa alengeza tsiku la msonkhano m'mudzi uliwonse. Pamsonkhanopo mudzasankha anthu atatu aja, mudzagwirizana za muyeso wa mbale, ndipo namwino mmodzi adzabwera ndi mndandanda wa zipangizo kuti muuone ndi kufunsa ntchito ya chilichonse. Musapereke kanthu kwa aliyense msonkhanowo usanachitike. Amayi oyembekezera, musadikire makina atsopano, pitani kusikelo pa tsiku limene linalembedwa pakadi lanu, ndipo mukamva mutu waukulu, mukaona magazi, kapena mwana akasiya kugunda m'mimba, nyamukani nthawi yomweyo. Sabata yamawa nthawi ngati ino tidzakhala ndi amayi awiri a gulu losunga ndalama, adzatifotokozere mmene amalembera kaundula wawo.